Uthenga Umene Unafika Usanatumizidwe

Nkhaniyi si yopeka. Dinkar, mlongo wake wa Sulabha Bhide, akadali moyo ku Satara, ndipo Namdeo wogulitsa tiyi m'munsi mwa phiri sakana, ngakhale amayang'ana pansi akamaifotokoza.

Sulabha ndi mwamuna wake Madhukar anali aphunzitsi opuma ntchito. Chimene ankachikonda kwambiri ndi mpikisano wa mawailesi ang'onoang'ono olankhulirana. Lamulo lake n'lakuti munthu akwere pamalo akale, amange waya, ndipo ndi mphamvu yosaposa ya kababu ka tochi apeze anzake ambiri akutali dzuwa lisanalowe. Iwo sankalankhula ndi pakamwa. Ankagogoda kachitsulo, mawu n'kumayenda ngati kulira kwa nkhululu, ndipo odziwa amazindikira dzanja la mnzawo ngati mmene timazindikirira kayendedwe ka m'bale wathu.

Tsikulo anakwera m'mamawa kulinga lakale la mafumu lomwe lili pamwamba pa phiri. Madhukar anamanga waya kuchokera pamzinga wadzimbiri kukafika pachipata, Sulabha n'kuyamba kugogoda. Zinkayenda bwino.

Masana, akudya mkate wa mapira ndi anyezi, anaona amuna anayi akutulukira pachipata ali wefuwefu, atanyamula machira. Patsogolo panali Namdeo.

“Wovulalayo ali kuti?” anafunsa Namdeo.

“Wovulala uti?” anatero Madhukar, mkamwa muli mkate.

“Alamu anu andiimbira foni kuti mwagwa, mayiwa akupempha thandizo pawailesi. Ndatseka sitolo, ndasiya mkaka pamoto, ndikupezani mukutafuna anyezi.”

Madhukar anaseka mpaka kutsamwa. “Dinkar makutu anatha kalekale. Khalani tidye.”

Namdeo sanakhale. “Masewera a anthu a m'tauni,” anatero, n'kutsika ndi anzake.

Pamwambapo foni sinkagwira, choncho Sulabha anaitana mlongo wake, yemwe nayenso anali ndi wailesi yotere kunyumba kwake. Dinkar anayankha msanga.

“Linali dzanja lako,” anagogoda Dinkar. “Ndikulidziwa. Unati: Madhukar wagwa. Sakulankhula. Bwerani.”

“Sindinatumize zimenezo, achimwene.”

“Tsikani. Ine sindichoka pawailesi pano.”

Sulabha anavula zomvera m'makutu. Apo m'pamene anazindikira kuti anyani amene ankakangana pakhoma chiyambire m'mawa anali atasowa. Mphepo inali itaima. Kunkamveka fungo la wonga wa mfuti, pamalo pomwe mzinga unalira komaliza agogo a agogo awo asanabadwe.

“Bambo, tiyeni tizipita.”

“Mpikisano usanathe? Mayi, mwakhala amantha liti?”

“Ndikukupemphani.”

Madhukar anamuyang'ana nkhope, kuseka kuja n'kutha. Anavomera. Koma asanamasule waya, chifunga chinakwera kuchokera kuchigwa n'kukuta linga lonse. Makwerero otsikira ndi osemedwa m'thanthwe, mbali imodzi ndi phompho. Sakanatsika.

Sulabha anaganiza kuti munthu sangagwe ngati sakuyenda. Anamukhazika mwamuna wake pakampando kopinda, pakati pa bwalo, kutali ndi khoma, kutali ndi chitsime. Anagwira malaya ake ndi dzanja limodzi osawataya.

“Mwandimanga ngati mbuzi,” anatero Madhukar.

“Khalani chete.”

Anakhala choncho. Madzi ankadontha pawaya. Penapake m'chifungamo munkamveka ngati wina akukoka unyolo pamiyala, n'kusiya, n'kuyambanso.

“Mukumva?” ananong'ona Sulabha.

“Ndi chitseko chakale chimenecho. Ndithirireni tiyi.”

Anataya malaya aja kuti atsegule fulasiki. Kapu inagubuduzika pamiyala. Atacheuka, Madhukar anali pansi chammbali, kukamwa kutapotoka, diso limodzi likumuyang'ana.

Anamuitana. Sanayankhe. Ankapuma.

Sulabha anayesa kumunyamula. Sanathe. Anakuwa cha kuchipata, mawu n'kumira m'chifunga. Anakwawira kuwailesi.

Anadziuza kuti sagogoda mawu aja. Anena zina. Anena kuti wadwala, kuti wakomoka. Anaika chala pakachitsulo, n'kumva m'makutu mwake zimene dzanja lake linkatumiza.

Madhukar wagwa. Sakulankhula. Bwerani.

Anaitana Dinkar. Zii. Anaitananso. Zii. Dinkar amalumbira kuti anali pawailesi, pamalo omwewo, mpaka mdima, ndipo ankangomva phokoso ngati la mvula.

Munthu mmodzi yekha anamva, mlendo wa kutali kugombe. Anafufuza nambala ya sitolo ya m'munsi mwa phiri n'kuimba. Namdeo anamvetsera, n'kunena kuti, “Bodza limenelo talikwerera kale phiri lero,” n'kudula foni.

Sulabha anagogoda mpaka batire inatha. Kenako anafunditsa mwamuna wake nsalu yake, n'kuika mutu wake pamiyendo pake. Diso lija linkamuyang'anabe. Ankamuuza kuti anthu akubwera, ali panjira, afika posachedwa. Unyolo uja unasiya kumveka. Kupuma kwa Madhukar kunatalikirana, kenako kunaleka.

Dinkar anafika m'munsi mwa phiri usiku, koma palibe amene anavomera kukwera m'chifunga. Anakwera kutacha, ndi amuna omwe aja, ndi machira omwe aja. Namdeo atafika pachipata anakhala pansi n'kubisa nkhope.

Maliro atatha, Dinkar anapeza mlongo wake ali yekha pakhonde.

“Pali chimene sindinakuuze tsiku lija,” anatero. “Uthenga wa m'mawa uja sunathere pa ‘Bwerani’.”

“Ndinangonena mawu amenewo basi. Mobwereza.”

“Ndikudziwa. Utamaliza iwe, panalowa dzanja lina. Lolemera, lochedwa, lokoka mawu kumapeto. La alamu.”

Sulabha anapukusa mutu. “Sakanatha. Dzanja lawo linali lakufa kale, linali m'manja mwanga.”

“Linali lawo.”

Sulabha anafunsa kuti dzanjalo linati chiyani.

“Anati: Musavutike. Tsalani bwino.”