Njinga Yopanda Popondera Wachiwiri

Kunyumba kwa achimwene anga kunali pemphero m'mawa ndi madzulo. Mwana wawo woyamba, amene tinkamutcha Sipanala, anakulira m'galaja ya bambo ake ndipo sanasowepo kanthu. Chinamuwononga ndi mtima wofuna kuonedwa, komanso ife akuluakulu a pabenchi ya mowa. Ine bambo ake aang'ono ndinali pomwepo.

Tsiku lina kasitomala anasiya njinga yamoto ya mpikisano kuti aikonze mabuleki. Inali yaitali miyendo ngati kakowa, yopepuka, ya matayala a manomano ndi masipuling'i aatali oti ikadumpha chulu izitera mofewa. Inalibe nyali, inalibe hutala, ngakhale kiyi. Kungoiponda kamodzi, yalira.

"Iwe Sipanala, maso akowo ndawaona," anatero bambo ake. "Iyi si ya pamsewu. Ukaipotokola mafuta pang'ono imaimika tayala lakutsogolo. Taona kumbuyoku: popondera munthu wachiwiri palibe, tcheni chili poyera. Anaipangira munthu mmodzi, wovala nsapato zofika m'mawondo."

"Ndamva, bambo."

"Kumva kwako timakudziwa," anatero mayi ake. "Kumathera pakhomo."

Madzulo Sipanala anadutsa pabenchi pathu, nkhani ya njinga ili pakamwa.

"Mwana wa makaniko n'kumayenda wapansi?" anamuseka mnzanga wina. "Mtsikana wa ku saluni uja akuti ulibe ngakhale wilibala."

Ine m'malo momuthamangitsira kwawo ndinawonjezera: "Chopanda kiyi n'chopanda mwini, mwanawe." Anthu anaseka, nanenso ndinadzimva wanzeru.

Lamlungu makolo ali kutchalitchi, Sipanala anatsegula galaja, natulutsa njinga ija, nakaima nayo pakhomo pa saluni.

"Nanga miyendo ndiika pati?" anafunsa mtsikanayo, atavala masilipasi.

"Ingoipinda, undigwire m'chiuno. Kapena ukuopa?"

Anakwera. Atafika pabenchi pathu tinawaimbira malikhweru, ndipo mnyamata uja pofuna kutionetsa anapotokola mafuta onse. Tayala lakutsogolo linaima. Mtsikana anatsitsa miyendo kufuna poponda, koma panalibe. Phazi lake linalowa pakati pa tcheni ndi masipoko.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti atadzuka pansi, Sipanala anathamangira njinga. Anayamba kuipukuta fumbi, kufufuza ngati yakalika, mwana wa eni ake akukuwa m'ngalande. Ifenso, amuna a ndevu zathu, tinayamba tabisa mabotolo. Amene anamanga bala ndi mayi wina wodutsa ndi njira.

Madokotala analidula phazilo. Mwini njinga anabwera ndi apolisi, makasitomala anatulutsa magalimoto awo mmodzimmodzi, ndipo achimwene, amene sanabepo ngakhale nati imodzi, anatseka galaja.

Sipanala atatuluka m'chitokosi tinapita naye kuchipatala. Anagwada pafupi ndi bedi akulira. "Pepani, amayi."

Mayi ake a mtsikanayo sanamuyang'ane n'komwe. "Pepani wakoyo akaima naye tsiku lonse mu saluni? Dzuka, ukutitsekera njira."

Lero mnyamatayo ndiye amamukankha mtsikanayo pa njinga ya olumala popita kosintha mabandeji. Ine mowa ndinasiya, koma phazi silimera.

Achinyamata, chinthu cha eni ake chikhale chosatseka kapena chosakiya, kuchitenga ndi kuba. Makolo akati "ichi ayi", aona chimene inu simunaone. Ndipo inu akuluakulu amene mumasonkhezera ana pofuna kuseketsa anzanu, dziwani kuti magazi amene atayike Mulungu adzawafunsa kwa inu.