Munthu Wopuma mu Modemu

Kodi munthu amene sadziwa ngakhale khomo lako angadziwe bwanji kuti usiku mwana wako watsokomola katatu? Funso limeneli amake Kambewa anafunsa aliyense pa mdadada wa nyumba za lendi pamene ankakhala.

Anasamukira pamenepo pothawa mwamuna wawo, amene anawagulula dzino ndi loko wa pachitseko, n'kupondaponda foni yawo mpaka kutsala zidutswa. Anathawa ndi zinthu zitatu zokha: mwana wamkazi wa zaka zitatu, yemwe ankamutcha Kambewa chifukwa chokonda kubisala pansi pa tebulo, laputopu imene ankataipira anthu makalata, ndi simu khadi imene anatola m'zidutswa zija.

Kuti makasitomala aziwapeza pa nambala yawo yakale, anafuna modemu, kachipangizo kobaya m'mbali mwa kompyuta, koma yotha kuimba ndi kulandira mafoni. Yoyamba inkangopereka intaneti. Yachiwiri inkaimba, koma munthu wa mbali inayo sankamva kanthu. Kenaka mlamu wawo, mlongo wake wa mwamuna uja, anapempha kuti akumane m'tauni. Iwo anavomera, koma sanamuuze kumene akukhala.

"Mlamu, achimwene angawo ndi chilombo, ine ndikudziwa," anatero mlamuyo, misozi ili lengelenge. "Tengani iyi, ndi yamawu. Bweretsani laputopuyo ndikuikireni ndekha, inu muzingobaya basi."

Modemuyo inagwiradi ntchito. Ikakhala chete, kanyali kake kankaphethira kobiriwira. Munthu akakhala pa foni, kankayaka kabuluu osaphethira. Usiku laputopu ankaisiya yoyaka kuti iziimba nyimbo pansipansi, chifukwa Kambewa ankaopa mdima.

Usiku wina amake Kambewa anadzidzimuka nyimbo zitasiya. M'chipinda munali zii, mpopi wa panja wokha ukudontha. Pakhoma panali kuwala kwabuluu. Anayang'anitsitsa mpaka kanyaliko kanabwerera kobiriwira, ndipo anadziuza kuti ndi netiweki. M'mawa anapeza uthenga wochokera kwa mwamuna uja: "Mwana wanga watsokomola katatu. Ndiye kumusamala kumeneko?"

Usiku wotsatira anadziimbira okha kanyimbo kogonetsera mwana, monong'ona. Kutacha, mawu onse a kanyimboko anali mu uthenga.

Mphekesera zinayamba. Ena ankati mwamunayo ndi mfiti. Ena ankati pali munthu pamdadadapo amene amamvetsera pazenera n'kukauza. Achimwene awo a amake Kambewa, munthu wa mtima wapachala, anakhulupirira zachiwirizi. Anagwira mlonda wa pageti, bambo wachikulire, n'kumuwombetsa kukhoma mpaka diso kutupa. Mlondayo ankangolira kuti, "Bwana, ine kulemba sindidziwa!"

Usiku wachitatu amake Kambewa anapapasa pabedi, mwana palibe. Anamva kunong'ona pansi pa tebulo. Kanyali kanali kabuluu.

"Kambewa, ukulankhula ndi ndani?"

"Shii, amama. Ababa akupuma."

Anasendeza khutu ku sipika ya laputopu. Munalidi kupuma, kwa munthu wamkulu, kolemera, kotulukira m'mphuno. Patali galu ankauwa. Kenaka kunamveka kukhwatcha machesi.

"Andifunsa kuti panja pathu pali chiyani," anatero mwanayo. "Ndawauza thanki yofiira."

Mayiyo anazula modemu ija ngati akuzula njoka m'bulangete. Thanki yamadzi yofiira inalipo imodzi yokha dera lonselo.

Kutangocha anathamangira kwa Wamawaya, munthu wokonza makompyuta pafupi ndi msika. Iye anabaya modemuyo, n'kutsegula pulogalamu yake, n'kuyamba kufufuza akuimba likhweru. Mwadzidzidzi likhweru linatha.

"Chemwali, mfiti yanu ndi iyi," anatero, akuloza kachizindikiro kochonga m'kabokosi. "Apa pakuti foni ikabwera, idziyankhe yokha. Apa belu analizimitsa. Munthu akaimba, kompyuta imamutsegulira chipinda chanu chonse. Ndipo nambala ndi yakale ija, si choncho? Anakuikirani ndani zimenezi?"

"Mlamu wanga."

"Alamu otere, bola udzudzu. Dikirani ndichotse."

Amake Kambewa anamugwira dzanja. "Musachotse. Thanki akuidziwa kale. Akapanda kubwera lero, adzabwera tsiku limene sindikumuyembekezera."

Madzulo anakasiya Kambewa kwa mnansi wa khomo loyamba. Pabedi anakulunga mapilo m'bulangete. Achimwene awo anabisala kuseri kwa chitseko, ndipo mlonda uja, atapepesedwa mogwada, anavomera kukhala mbali inayo, diso likadali lotupa. Mayiyo anabaya modemu, n'kukhala pansi pakona.

Anadikira nthawi yaitali, miyendo mpaka dzanzi. Kenaka khoma linasanduka labuluu.

"Gona mwanawe," anatero mayiyo. "Tili awiri tokha. Loko wathyoka, koma ndani angafike khomo lomaliza lino?"

Kupuma kuja kunasintha. Mu sipika munayamba kumveka mapazi, pang'onopang'ono, kenaka mofulumira. Patapita nthawi mapaziwo anayamba kumveka kawiri: panja pa timiyala, kenaka mu sipika, mochedwerapo pang'ono, ngati anthu awiri akutsatana. Anaima pakhomo. Chitseko chinalira kawiri.

Mwamunayo sanaitane dzina la munthu. Anapita molunjika pabedi n'kutsitsa chitsulo pa bulangete lija, kamodzi, kawiri, katatu, osafunsa kuti mwagona mkazi kapena mwana. Achimwene anamulumphira pakhosi. Chitsulo chinatembenuka n'kupeza mkono wa mlonda, fupa n'kulira ngati nkhuni youma. Tebulo linagwa. Foni ya mwamunayo inagwera pafupi ndi laputopu, sipika n'kuyamba kulira mokuwa, kubwereza kukuwa kwa aliyense. Amake Kambewa anatola mpando n'kumenya nawo mwamunayo m'mawondo, osasiya, mpaka anansi atalowa ndi matochi n'kuwalanda. Pansi ponse panali magazi ndi thonje la m'mapilo.

Apolisi anatenga mwamunayo akumukoka, pakamwa pali thovu lofiira. Mlamu uja anagwidwa mawa lake. Mkono wa mlonda sunawongokenso bwinobwino.

Kambewa sanaone chilichonse usiku umenewo. Koma mpaka lero, akaona kanyali kabuluu paliponse, kaya pa wailesi kaya pa chaja, amakwawira pansi pa tebulo, n'kuika chala pamlomo, n'kumvetsera.

Inu amene muli ndi ana m'nyumba, ndikukupemphani chinthu chimodzi. Munthu akakuikirani modemu, ngakhale akhale m'bale wolira nanu, tsegulani pulogalamuyo muone nokha ngati kabokosi koyankha kokha kali kochonga. Ndipo musanagone, izuleni.