Tsiku la 101

Mphunzitsi wina anabwera pashopu kudzatayipitsa mayeso a masamu, malaya ali mbuu ndi choko. Mtsikana wotayipa pashopupo analakwitsa funso lachitatu kawiri, chifukwa maso ake sanali pakompyuta. Mawa lake mphunzitsiyo anabweranso, ati kudzakonzetsa pepala, chonsecho pepalalo linalibe vuto.

Mwezi usanathe anali atayamba kumutchula kuti "Nambala Wani wanga".

Kenako mphunzitsiyo anamusamutsira kusukulu yakutali. Potsanzikana, analemba kuseri kwa envelopu: 1,000,001. Anamufotokozera kuti pali manambala ena amakani, oti ukawagawa ndi nambala iliyonse pamakhala chotsala, kupatula 1 ndi iwo eni.

"Iyi ndi imodzi mwa iwo," anatero. "Chikondi changa n'chimodzimodzi, sichigawika. Ndikakhazikika ndidzakutenga."

Mtsikanayo sankakayika ayi, kunali kumusowa chabe. Masana alionse, anzake akapita kokadya, ankatenga pensulo n'kugawa nambala ija ndi masiku amene apita chichokereni mwamunayo. Tsiku lachiwiri inatsala 1. Lachisanu ndi chiwiri inatsala 2. Akamaliza ankatumiza uthenga: "Lero yakananso kugawika, wokondedwa."

Poyamba yankho linkabwera pompo: "Ukuona, mtima wanga?" Kenako linayamba kugona panjira. Kenako kunangoti zii.

Mkulu wake ankamuseka kuti anzake akuvekedwa mphete, iye anamusiyira homuweki. Ankamufunsanso kuti bwanji osangogwiritsa ntchito kakyuleta ya pafoni. Koma kakyuleta imamaliza msanga, ndiye masana onsewo akanatani nawo? Akamagawa pamanja ankamva ngati mwamuna uja wakhala pambali pake, akununkhira choko.

Tsiku la 101 anagawa monga mwa masiku onse. Yankho linatuluka 9,901. Pansi pake, ziro.

Anafufuta n'kuyambanso. Ziro! Kachitatu anadinikiza kwambiri moti pensulo inaboola pepala. Kodi mphunzitsi wa masamu angalakwitse chonchi? Anamuimbira, ndipo mwamwayi tsiku limenelo anayankha.

"Yagawika," anatero mtsikanayo. "101 kuchulukitsa ndi 9,901. Munalakwitsa eti? Ingonenani kuti munalakwitsa."

Pafonipo, chapatali, kunkamveka mwana akulira, ndi mawu a mzimayi akuitana bambo a mwanayo kuti chakudya chikuzizira.

"Sindinalakwitse," anatero mphunzitsiyo chapansipansi. "Ndinkadziwa. Kungoti sindinkaganiza kuti ungafike pa 101. Ndinkati ukamafika pa 30 udzakhala utatopa."

Mtsikanayo anadula foni. Analira mwakachetechete kuseri kwa makina a fotokope, kenako anapukuta m'maso n'kumaliza kutayipa kalata ya kasitomala.

Mawa lake masana anzake atatuluka, dzanja linapita lokha kukatenga pensulo. Anadziuza kuti n'zopusa, koma anagawabe ndi 102.

Inatsala 95. Anatenga foni, n'kuibwezanso m'chikwama.