Khasu la Achemwali

Madzulo aliwonse mkazi wa kalipentala akatha kutsuka mbale ankakhuthulira madzi m'mbali mwa khoma, kuseri kwa nyumba yawo yatsopano, ndipo dothi linkawamwa nthawi yomweyo. Tsiku lina atangokhuthula beseni anamva kanthu kakulira m'khomamo, the! ngati wina wathyola nkhuni youma. Anacheuka uku ndi uku. Panalibe munthu wina koma mlongo wa mwamuna wake, mayi wamasiye wotsimphina, ataweramira pakona ndi kakhasu kake ka mpini waufupi.

"Alamu, mwamva?"

"Ndamva. Madziwo muzikatayira kutali, mlamu wanga."

Mayiyu ndi amene analera kalipentala makolo awo atamwalira. Anamubereka kumsana, anamupukuta mamina, ndipo sowo yoyamba anamugulira ndi iyeyo. Nyumba itatha anapatsidwa kachipinda ka kuseri, ndipo kuyambira pamenepo dzuwa silinkalowa asanapale kangalande kozungulira khoma. Ankati waona kuti paliponse pamene madzi aima, pansi pamatsika. Koma ndani amamvera munthu wodyera m'mbale ya eni?

Zodabwitsa zinayambira pa zitseko. Chitseko cha kuchipinda, chimene kalipentala anachipala ndi manja ake, chinayamba kukana kutsekeka. Atachipalanso chinayamba kutseguka chokha anthu ali khale. Kenako mng'alu unatuluka pansi pa zenera n'kukwera mpaka kudenga. M'nyumba munkamveka fungo la dothi lonyowa, fungo la manda atsopano, chonsecho mvula inali isanagwe ndi dontho lomwe. M'mawa wina anapeza khoma la khola litagwera mkati, mbuzi zonse zitafa, popanda mphepo kapena phazi la fisi.

Mudzi susowa odziwa. Wina anati anawaona mayi aja akukwirira kanthu pakona, wina anati amayankhula ndi khoma. Kalipentala akamadutsa pachitsime, amayi ankaweramira ndowa zawo n'kumanena mokweza kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kalipentala anapita kwa sing'anga, ndipo anabwerako ndi mizu komanso lamulo: aiviike m'diramu, ndipo dzuwa likamalowa azithira madziwo kuzungulira maziko mpaka pansi pakhute. Anathiradi mokhulupirika, ndowa pa ndowa. Akangomaliza, mlongo wake ankatuluka ndi khasu kukawapatutsa madziwo, ndipo kulira kwa khasulo, go, go, go, kunkamulowa m'mutu. Ming'alu inakula mpaka dzanja kulowa. Nyumba inayamba kubuula, ana n'kumakana kugonamo.

Madzulo ena kalipentala anawatsatira achemwali ake kuseri.

"Achemwali, mukufukula chiyani?"

"Ndikuchotsa madzi. Pansi pano sipafuna madzi, iwe."

"Mukuchotsa mankhwala anga."

"Iwe ndiwe mwana wanga. Ndingakuphe ine?"

"Nanga ndani wanena za kupha?"

M'mawa mwake anaitana anthu oyandikana nawo. Pamaso pawo anaponya panja kamtolo ka zovala za mlongo wake, n'kutchula liwu lija losabwezeka: mfiti. Mayiyo sanalire. Anawerama kuti atole khasu lake, koma kalipentala analilanda, n'kulitsekera m'bokosi la zida pamodzi ndi sowo ija, ndipo ngalande anaikwirira ndi mapazi. Mayiyo ananyamuka akukoka mwendo, kupita kwa msuweni wawo wa kutali. Palibe anamuperekeza.

Mfiti inachoka, koma nyumba sinasiye kubuula.

Patapita masabata angapo kunabwera galimoto ya anthu oyeza dothi. Pamalo oyandikana ndi nyumba ya kalipentala pankayenera kumangidwa kachipatala, ndipo eni ake sanafune kuika njerwa ngakhale imodzi asanadziwe zimene zili pansi. Wotsogolera anali mayi wovala jombo, wa mawu ochepa. Anakumba maenje ofika m'khosi, n'kusema dothi m'zibuma ngati buledi, n'kuzikulunga m'mapulasitiki kuti zisaume kapena kunyowa m'njira. Anthu anaunjikana akunong'onezana kuti munthu wotapa dothi la eni ndi wosayenda naye. M'dzenje lina anyamata ake anaika chitsulo chophwatalala n'kusanjikapo zolemera. Dothi silinagonje ngakhale pang'ono. Ndiye mayiyo analamula kuti athiremo madzi, ndipo anthu onse akuona, chitsulo chija chinatitimira pang'onopang'ono ndi katundu wake yense. Amayi ena anafuula.

"Musaope," anatero mayi woyeza dothi. "Dothi ili likauma limalimba ngati mwala, koma mkati mwake muli timibowo tokhatokha. Likanyowa lili ndi katundu pamwamba, timibowoto timaphwanyika, nyumba n'kutsika. Zibumazi tikaziyezanso ku ofesi, koma ndikuona kale kuti pano sipomanga musanaliviike ndi kulitsendera." Atatukula mutu anaona ming'alu ija. "Nyumba iyo ndi ya ndani?"

Kalipentala anatukula dzanja ngati mwana wa sukulu. Mayiyo anazungulira nyumba, gulu lonse lili pambuyo, akugunda pansi ndi chidendene.

"Bambo, ndani amathira madzi pamaziko?"

Maso onse anapita pa diramu lija, mizu ikuyandama pamwamba.

"Nanga apa panali ngalande. Mwaikwiriranji? Amene ankaikumbayo mukamuthokoze. Popanda iyeyo nyumbayi ikanagwera ana anu kalekale."

Manyazi amene anamugwira kalipentala sanali a munthu wogwa pagulu, amene amadzuka n'kusasa fumbi. Anali manyazi olowa m'mafupa. Amayi a pachitsime aja anabalalika mmodzimmodzi, aliyense akukumbukira kuti wasiya mphika pamoto. Iye anatsala chiimire, maso ali pa zala za kumapazi, zomwe zija zinakwirira ngalande.

Kutacha anakwera njinga, m'njira monse akuyeserera mawu opepesera. Kwa msuweni anapeza bwalo losesedwa, phulusa la moto wa pamaliro a achemwali ake lisanaoledwe.

"Bwanji simunatume uthenga?"

"Anatiletsa eni ake. Anati tisakuvutitseni, muli ndi nyumba yoti muziyang'anira."

Anabwerera akukankha njinga. Atafika pakhomo mitambo inali itadetsa kumwamba, ndipo mvula yoyamba ya chaka inayamba kugwa yamphamvu. Madzi a padenga ankakhuthukira pamaziko penipeni, khoma likulira the! the! Mkazi wake anakumbatira ana, n'kumuuza kuti athawe. Ndipo mkati mwa mkokomo wa mvulayo anamva phokoso lina, lochokera kuseri, losafulumira. Go, go, go.

"Bambo a ana, ndani ameneyo?"

"Khala chete."

"Mwatuma munthu?"

Kalipentala anatenga kiyi m'thumba n'kutsegula bokosi la zida. Sowo inalimo. Khasu munalibe.

M'mawa anapeza ngalande yatsopano yazungulira nyumba yonse, yopalidwa bwino, madzi atapatukira kumunsi. M'matope munali phazi limodzi, ndipo pambali pake mzere wa mwendo wokokedwa.

Nyumbayo sinagwe, ilipo mpaka lero. Kachipatala anakamanga atatsendera dothi ndi makina. Koma mvula ikamagwa dzuwa litapendeka, khasu lija limamvekabe, ndipo kalipentala amanyamuka n'kukaima pachitseko cha kuseri, dzanja lili pa chogwirira. Mkazi wake amauza ana kuti abambo amaopa mzukwa. Si mantha ayi. Akudziwa kuti akatsegula adzawapeza achemwali ake ataweramira pakona, akunyowa, ndipo adzatukula mutu n'kumufunsa ngati ana adya.