Kamaso ndi Mbuzi Yosanama

Panali mtsikana wina wamng'ono. Onse ankamutcha Kamaso. Maso ake anali aang'ono, koma ankaona zonse.

Kamaso ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti anthu amve nkhani za bambo ake.

Bambo anali mlembi wa mabuku. M'mawa ankakama ng'ombe. Kenako ankamwetsa nkhuku. Akatero ankatenga pensulo, n'kulemba. Masana ankatayipa pa kompyuta yakale. Ankatayipa ndi zala ziwiri zokha. Go! Go! Go! Ngati nkhuku ikujompha.

Bambo sankaikhulupirira kompyutayo.

"Chinthu ichi n'chakuba," ankatero. "Chinameza nkhani yanga yonse, osapepesa."

"Nanga mbuzi ija sinadye tsamba lanu?" anafunsa Kamaso.

"Inadya, inde. Koma inadya ine ndikuona."

Mbuziyo inali yokalamba. Inali ndi ndevu zoyera. Bambo ankaitcha a Mkonzi, ngati munthu wokonza mabuku.

Bambo akamaliza tsamba, ankapita kukhola. Ankakhala pa ndowa yakale. Ankawerengera a Mkonzi mokweza. A Mkonzi akamatafunabe, ndiye kuti tsambalo n'loipa. Bambo ankaling'amba. A Mkonzi akasiya kutafuna, ndiye kuti tsambalo n'labwino.

"Munthu amakuyamika pamaso, kumbali akukuseka," ankatero Bambo. "Koma mbuzi sinama."

Bambo anali asanawerengerepo munthu. Ankawerengera mbuzi basi. Kamaso ankangomvera kuseri kwa khola.

Tsiku lina kunabwera uthenga pa foni. Kumzinda kunali msonkhano waukulu wa alembi. Ankafuna Bambo akawerenge nkhani yawo.

"Andiitanira chiyani?" anatero Bambo. "Akufuna akandiseke amenewo."

"Pitani, bambo a Kamaso," anatero Amayi. "Jekete ndachapa kale."

Kamaso anatenga foni ya Bambo.

"Ababa, mukatisowa, dinani kachithunzi aka. Mudzationa. Ifenso tidzakuonani."

"Zachibwana," anatero Bambo. Koma foniyo anaika m'thumba.

Bambo anakwera basi. Tsiku loyamba linatha. Tsiku lachiwiri masana, foni ya Amayi inalira. Amayi anali kuchapa. Manja anali thovu lokhalokha.

"Kamaso, tayankha!"

Kamaso anadina. Nkhope ya Bambo inatulukira pa galasi. Thukuta linali kamukamu. Pakhosi panali chingwe. Pachingwepo panali kakhadi.

"Andimanga chingwe ngati thole," ananong'ona Bambo. "Mwanawe, zinthu zavuta. Posachedwa andiitana kutsogolo. Koma mawu andithawa. Ndikatsegula pakamwa, palibe chikutuluka. Ine ndikukakwera basi."

"Ayi, Ababa! Tandionetsani kaye kumeneko."

Bambo anatembenuza foni.

Kamaso anangoti kukamwa yasa. Holo yake kukula! Denga linali kutali, kutali. Magetsi anali ngati nyenyezi, masanasana. Mipando uku, mipando uko. Anthu uku, anthu uko. Ena aatali, ena aafupi. Ena a imvi, ena a magalasi. Kamaso anayamba kuwawerenga. Anafika makumi asanu, n'kusiya.

"Ababa, anthu onsewa amalemba mabuku?"

"Onsewa. Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene akutafuna. Ndidziwa bwanji kuti nkhani ili bwino?"

Kamaso anaganiza. Anaganiza msanga.

"Musatseke foni, Ababa. Dikirani!"

Kamaso anathamanga. Nkhuku zinabalalika. Galu anauwa. Kamaso anafika kukhola ali wefuwefu. A Mkonzi anali pomwepo, akutafuna.

Koma chithunzi cha Bambo chinaima. Nkhope sinkasuntha. Kukhola netiweki inali yofooka.

Kamaso anakwera pa ndowa ya Bambo. Anakweza foni m'mwamba. Anaikweza ndi manja awiri. Chithunzi chinayambanso kuyenda. Kamaso analozetsa foni kwa a Mkonzi.

"Ababa, ikani foni patebulo. Musayang'ane anthu. Werengerani a Mkonzi."

Nthawi yomweyo mayi wotsogolera msonkhano anaitana Bambo. Bambo anayenda pang'onopang'ono. Anafika kutsogolo. Anaimika foni pafupi ndi chimkuzamawu.

"Meee!" anatero a Mkonzi.

Holo yonse inamva. Anthu anaseka. Anaseka kwambiri.

Bambo sanawayang'ane. Anayang'ana pa galasi. Anaona ndevu zoyera zija. Anaona khola lawo.

"Mwaswera bwanji, a Mkonzi?" anatero Bambo.

Mawu anali atabwerera!

Bambo anayamba kuwerenga. Inali nkhani ya ng'ombe yonunkhiza mvula isanabwere. Mawu a Bambo anakula. Anadzaza holo. Anayenda ulendo wonse wa basi uja. Anatulukira m'manja mwa Kamaso, ali omwewo.

Kamaso anazizwa. Bambo ali kutali. Bambo ali pompano. Zikutheka bwanji?

A Mkonzi anatafuna. Anatafunabe.

Manja a Kamaso anayamba kuwawa. Ntchentche inatera pamphuno pake. Sanaiingitse. Akatsitsa foni, chithunzi chiima. Chithunzi chikaima, mawu a Bambo athawanso.

Manja anawawa. Nkhani inali isanathe.

Kenako Kamaso anamva manja ena, onyowa. Anali Amayi. Anamugwira m'zigongono. Anamuchirikiza.

"Gwira, mwanangu," ananong'ona Amayi. "Tagwira tonse."

Bambo anafika pomwe ng'ombe inakweza mphuno. Anafika pomwe dontho loyamba linagwa.

A Mkonzi anasiya kutafuna. Udzu unangolendewera pakamwa. Makutu anali tcheru.

M'khola munali zii. M'holo namo munali zii. Palibe anatsokomola. Palibe anasuntha mpando.

Bambo anamaliza.

Kenako kunamveka phokoso. Linali ngati mvula pa malata. Anthu anali kuomba m'manja. Anaomba, anaomba, osasiya. Nkhuku zinathawanso. Ng'ombe inalira.

Bambo sanalabadire m'manjamo. Ananyamula foni.

"Kamaso, asiya kutafuna?"

"Asiya kalekale, Ababa!"

"Basi," anatero Bambo. "Ndiye kuti nkhani ili bwino."

Mawa lake Bambo anafika kunyumba. Anabweretsera Kamaso kope ndi cholembera za kumsonkhano. Kakhadi kaja anawaveka a Mkonzi pakhosi.

"Aka n'kanu," anatero. "Ntchito mwagwira ndinu."

A Mkonzi anakanunkhiza. Kenako anakadya.

"Mwaona?" anatero Bambo. "Adya ine ndikuona."

Amayi anaseka mpaka misozi.

Bambo anakhala pa ndowa yawo. Anatulutsa tsamba latsopano. Kamaso ananyamuka kuti apite kuseri kwa khola.

"Ukupita kuti, mwanawe? Kubisala kwatha. Bwera, khala apa."

Kamaso anakhala pambali pa Bambo. Amayi anakhala mbali inayo.

"Ababa, foni ija ndi yachibwanabe?"

"Foni sindiikhulupirirabe," anatero Bambo. Anagwira manja aang'ono a Kamaso. "Koma manja amene anaigwira, amenewa ndiye ndimawakhulupirira."

Ndipo Bambo anayamba kuwerenga.