Tsamba Limene Linapita ndi Nsomba

Lolemba m'mawa, a Sebastião anapeza loko wa bibiliyoteka, nyumba ya mabuku ya ku Zóbuè, atathyoledwa. Mashelefu awiri analibe kanthu. Mabuku a sukulu, a ulimi wa tomato, zonse zitapita. Koma chimene chinawakhalitsa pansi mphunzitsi wopumayu ndi kusowa kwa buku lakuda, momwe wansembe wina analemba pamanja mayina a onse obwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, midzi yawo, ndi ana obadwira kothawirako.

Bibiliyotekayo ndi kachipinda kamodzi, koma mudzi wonse umadya nawo. Ophunzira amawerengeramo, alimi amadzafunsa za mbozi, ndipo amene alibe bilyeti, chiphaso cha unzika, amatenga umboni m'buku lakudalo.

Mayi Argentina, gogo wamasiye, anali kale pakhomo. Lachinayi ankayembekezeka ku ofesi ya bilyeti ku Moatize.

"Pulofesolo, tsamba langa lija?"

"Atibera, mayi."

"Ndiye ndidzafa ngati mlendo m'dziko langa?"

Chisoni chinawagwira a Sebastião.

Wapolisi Cândido anafika cha m'ma 9 koloko, akuseka.

"Mabuku? Kuno timadziwa akuba dizilo. Dzulo munali kuti?"

"Ku Misa, ngati aliyense."

"Basi, wakuba wathu sapemphera."

Lachiwiri masana, a Sebastião anagula nsomba yokazinga pamsika wa pamalire, pomwe magalimoto akuluakulu amandandalika. Pofunyulula pepala anaona chidindo cha bibiliyoteka ndi zolemba za wansembe uja. Njala inathera pomwepo.

Anabwerera ndi a Cândido kwa wogulitsayo, mayi Adelina.

"Mapepala awa mwawatenga kuti?"

"Kwa Denilson, uja anakhoma malata a bibiliyoteka mwezi watha. Akugulitsa pa kilo. Ine sindiwerenga, shefi, ndimangokulungira."

Nthawi ya 3 koloko a Cândido anamugwira Denilson akukweza matumba awiri m'minibasi yopita ku Moatize. Sanathawe.

"Ndi mapepala chabe, shefi. Ndapha munthu ngati?"

Amayi a pamsika atamva chomwe ankakulungira nsomba, anasesa mabenchi, ena mpaka kufukula kudzala. Pofika Lachitatu madzulo, a Sebastião anali atasoka bukulo ndi ulusi wa matumba. Tsamba la mayi Argentina linapezeka lili noninoni ndi mafuta, koma dzina likuwerengeka. Gogoyo analipsompsona, fungo la nsombalo osalisamala.

Kupolisi, a Cândido anayamba kumufunsa Denilson, a Sebastião ali pomwepo.

"Bilyeti yako?"

"Ndilibe. Ndikanakhala nayo bwenzi ndili pantchito ku mgodi wa malasha, osati kuthamangira maganyu."

"Unabadwira kuti?"

"Ku Mwanza, kothawira nkhondo. Bambo anga anali a Firmino. Anamwalira ndili wamng'ono."

A Sebastião anatsegula bukulo msangamsanga. Mndandanda wa kumapeto unati banja la Firmino lili patsamba 62. Anapeza 61, kenako 63. Mayi Adelina anakumbukira kuti Lolemba anagulitsa nsomba zambiri kwa madalaivala opita ku Beira.

Khoti linagamula zaka ziwiri. Akumukweza m'galimoto ya ndende, Denilson anatembenukira a Sebastião.

"Pulofesolo, zoona dzina langa linalimo?"

"Linalimo, mwana wanga. Zaka zonsezi limakudikira. Ukanangolowa masana n'kufunsa."