Chidendene cha Kumanzere

Usiku umenewo Chitseko adatuluka mochedwa m'nyumba ya wailesi, basi yomaliza itapita kale, ndipo kuchedwako kudali kochita kufuna. Dzina lakuti Chitseko silidali lobadwa nalo. Anzake ndiwo adampatsa chifukwa cha ntchito yake, pakuti iye ndiye ankapanga maphokoso a m'masewero a pa wailesi. Munthu wa m'sewero akamalowa m'nyumba, iye ankaliza kachitseko kake ka mahinjesi adzimbiri. Mvula ikamagwa, ankakhwinyata pepala pafupi ndi maikolofoni. Munthu akamayenda, ankalowetsa manja m'nsapato zakale za chikopa zimene adazipeza m'bokosi la zipangizo, n'kumaziyendetsa pa thireyi ya timiyala. Anthu a m'masewerowo adafunsira mbeta, adakangana, adasamuka, adabwerera kwawo atakalamba, onsewo pa mapazi a Chitseko, koma omvera adali asadamvepo liwu lake n'kamodzi komwe. Iye sankadandaula nazo. Adali wachibwibwi chibadwire, ndipo ngodya yake ya kuseri kwa ochita sewero ankaikonda monga mmene kamba akondera chigoba chake.

Koma sabata imeneyo zinthu zidamuyalukira. Wosimba nkhani wa sewero latsopano adapeza ntchito kwina, ndipo pa nthawi yoyeserera mayi wotsogolera masewero adapempha Chitseko kuti angowerengako mawuwo pogwirizira. Adawerenga. Lilime limene linkapunthwa pogula sopo lidayenda pa mawu a munthu wina ngati madzi m'ngalande mpaka kumapeto. Mayiyo adavula magalasi nati, "Gawoli ndi lanu. Mundiyankhe Lachisanu m'mawa, apo ayi ndiitana wina."

Lachisanu lidali mawa lake, ndipo Chitseko adali atatsimikiza kukana. Mkazi wake adamuseka m'mawa wa tsikulo akumupatsira malaya: "Bambo a ana, akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Nanga m'mimbamo akamva ndi Chitseko yemweyo, adikira yani?" Iye adangovala malayawo n'kutuluka. Madzulo adabisala m'chipinda cha zipangizo mpaka mayi wotsogolerayo atapita, ndipo pofuna chifukwa choti adzachedwere m'mawa, adaika nsapato zakale zija m'chikwama kuti akazipereke kwa wosoka nsapato. Chidendene cha kumanzere chidali chitadyeka mbali imodzi, kachitsulo kake kakugwedera.

Adayenda mosafulumira. Adapitirira masitolo otsekedwa, malo otsukira galimoto, ndi nyumba ya telala m'mene zidole zovekedwa madiresi zidaima pawindo ngati alendo osowa pokhala. Usiku udali wofunda bwino, ndipo mtima wake udali m'malo, pakuti munthu amene wagamula kale mlandu wake amayenda mopepuka, ngakhale atagamula molakwa. Kenaka msewu udatsetsereka kulowera ku mlatho, motsatira mpanda wautali wa manda, kumene nyali za mumsewu zimatalikirana.

Pamenepo ndi pamene adamva mapazi m'mbuyo mwake.

Go... khwee-ngwe. Go... khwee-ngwe.

Poyamba sadachite mantha. Adangomvetsera monga mmisiri. Mwendo wamanja unkaponda mwamphamvu, wamanzere unkakhwekhwereza pang'ono, kachitsulo n'kumalizira. Koma khutu lake lidapeza cholakwa. Mapaziwo ankamveka ngati akuponda pa timiyala, chikhalirecho msewu wonsewo udali wa phula! Ndipo kayendedweko... kayendedweko ankakadziwa. Manja ake omwe adali atakayendetsa zaka zambirimbiri.

Adaonjeza liwiro. Mapazi aja sadafulumire, komanso sadatsalire.

Go... khwee-ngwe.

Pafupi. Pafupi ndithu. Wina adatsokomola pang'ono, monga amachitira munthu asanayankhule pa maikolofoni.

"Pepani, achimwene."

Pambali pake padali mkulu wina wamfupi, wa jekete lotuwa ndi chipewa chopindika mlomo. Nkhope yake siinkaoneka bwino mu mdimawo, koma mawu ake adali aulemu ndi ansangala.

"Ndakutsatirani kuchokera pa masitolo paja, maso akukuonani, koma makutu sakukupezani. Kodi inu mumaponda pansi?"

Chitseko adayang'ana nsapato zake za nsalu, za labala wofewa kunsi. Adazolowera kuyenda mosamveka kuopa kuononga sewero, mwakuti ngakhale kunyumba ana ake ankadzidzimuka naye.

"Ndi-ndi-ndi chizolowezi cha ku-kuntchito, bambo."

"Chizolowezi!" Mkuluyo adaseka chapansipansi. "Tsono munthu atabisala kuseri kwa mpandawu n'kumvetsera, pa ife awiri angati mzukwa ndani?"

Chitseko adafuna kuseka, kuseka kudakana. Adayenda limodzi mpaka adakwera pa mlatho, madzi akulira pansi pawo.

"Mawu aja mudawerenga bwino," adatero mkuluyo. "Mudapuma pamalo poyenera kupuma. Ambiri amathamangira kumapeto kwa chiganizo ngati kuli mphotho."

"Mu-mu-mudamva bwanji? Sa-sadaulutse!"

"Makoma a chipinda chija ndimadziwana nawo."

"Ndi-ndinu yani?"

"Munthu amene adati mawa." Adaima pakati pa mlatho, mapazi aja n'kuima naye. "Tanenani mawu oyamba aja ndimvenso. Kuno kulibe wokusekani. A kuseri kwa mpandawu ndi omvera abwino, sasintha siteshoni."

Kuthawa kudali kosatheka. Chitseko adatseka maso, nakoka mpweya, ndipo mawu adatuluka okha, athunthu, okhuthala, osapunthwa pena paliponse: "Kudali munthu amene adamanga nyumba yake chitseko chitayang'ana kumene kumachokera mphepo, ndipo anansi ake onse adamuyesa wopusa, kufikira chaka chimene kudatentha." Liwulo lidawoloka mtsinje, lidagunda mpanda wa manda, lidabwerera kwa mwini wake. Aka kadali koyamba kuti Chitseko adzimve yekha, ndipo adadabwa kupeza kuti munthu amene adamumvayo angakonde kumumveranso.

"Basi," adatero mkuluyo mokhutira. "Mapazi a eni mwawayendetsa kokwana. Tiyeni."

Adayambanso kuyenda. Kutsidya kwa mlatho, kumene mpanda wa manda uja unkapitirira, kudali nyali imodzi, pafupi ndi chipata chaching'ono cha manda. Atalowa m'kuwala kwake, Chitseko adayang'ana pansi.

Mkuluyo adalibe nsapato!

Mapazi osavala. Otuwa. Osakhudza n'komwe phula. Koma phokoso lija...

Go... khwee-ngwe.

Linkachokera m'chikwama! Chikwama chinkagunda pa ntchafu yake, kumanja, kumanzere, kumanja... Nsapato zinkayenda zokha!

Adafuna kukuwa. Liwu limene lidangowoloka mtsinje lidasowa.

Mkuluyo adagwira chipata, natembenuka, nakweza chipewa pang'ono.

"Chinthu chimodzi, achimwene. Chidendenecho musachikonzetse. Nsapatoyo siidalakwe kanthu. Mwendo ndiwo udali wotero."

Chipata sichidalire. Sichidatseguke n'komwe. Pamene padali munthu padatsala kuwala kwa nyali ndi tizilombo touluka. Chikwama chidangoti phee.

Chitseko adathamanga. Adaiwala kuyenda kwa mphaka kumene adakuphunzira moyo wake wonse. Adaponda m'zithaphwi, adagunda chitini, adadzutsa agalu a mumsewu wonse. Mkazi wake adatsegula iye asadagogode.

"Ndimayesa kwalowa ng'ombe m'mpanda! Ndinu? Inu amene mumandidzidzimutsa m'khitchini tsiku ndi tsiku?"

Iye adakhala pa mpando, wefuwefu, chikwama chili pa miyendo. Atamwa madzi adati, "Mayi a ana, mu-munditulutsire nsapato zanga za pa ukwati."

"Zolira zija? Zimene mudati zimakuchititsani manyazi?"

"Zomwezo."

Mkaziyo adamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo pokhala munthu wodziwa kuti mphika ukayamba kuwira suvundukulidwa kawirikawiri, sadafunsenso kanthu. Adangopita kukazipukuta.

M'mawa mwake anthu a m'nyumba ya wailesi adasuzumira m'makomo kuti aone mlendo amene nsapato zake zinkalira tswii, tswii m'khonde lonse. Chitseko adalowa mu ofesi ya mayi wotsogolera masewero, nachita chibwibwi pa liwu lililonse, koma adafika kumapeto: gawolo adalilandira, pokhapokha amulole kuphunzitsa yekha munthu wodzatenga ngodya yake. Mayiyo adati moseka akadachedwa pang'ono akadamutumizira apolisi.

Pobweza nsapato zakale m'bokosi, adapeza Azakhali atakhala m'chipinda cha zipangizo akuloweza mawu awo. Mayi wokalambayu ndiye adali wamkulu pa ochita sewero onse, ndipo adatchedwa Azakhali chifukwa cha gawo limene adalisewera kuyambira ali mtsikana.

"Iwe mwana, si dzulo umati ukukakonzetsa chidendenecho?"

"A-andiletsa, Azakhali. Akuti nsapato siidalakwe, mwe-mwendo ndiwo udali wotero."

Pepala lidagwa m'manja mwa Azakhali.

"Wakuuza zimenezo ndani?"

Chitseko adafotokoza zonse: jekete lotuwa, chipewa chopindika mlomo, mlatho, chipata. Azakhali adamvetsera dzanja lili pakamwa.

"Kodi adayamba watsokomola asadayankhule?"

"Adatsokomola."

Mayiyo adaseka, misozi ikutsika m'makwinya a nkhope yake. Adatenga nsapato ya kumanzere naisisita ngati mutu wa mwana.

"Ameneyo ndi aMdidi. Ndiwo adakhoma kachitseko kako kaja, ndiwo adatola timiyala ta pa thireyi. Adathyoka mwendo ali mnyamata, n'chifukwa chake chidendenechi chidadyeka chotere. Mawu adali nawo, mwanawe, oti ukawamva umaiwala chimene wadzera. Katatu konse adapatsidwa gawo la wosimba nkhani, katatu konse adati, 'Ndiyankha mawa.' Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mawa lomaliza lidawapeza ali m'chipatala."

"A-ali kuti tsopano?"

"Kuseri kwa chipata chimene wanenacho. Adamwalira iwe usadayambe n'komwe ntchito pano. Mwana wanga wotsiriza, amene lero ali ndi ana akeake, ndidapita naye kumaliroko ali kumsana. Tidawaveka jekete lija ndi chipewa chomwe. Koma nsapato adakana ali moyo. Adati, 'Izi zisiyeni m'bokosi, zikadali ndi ulendo.'"

Azakhali adabweza nsapatoyo pambali pa inzake, napukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kenaka adayang'ana kumapazi kwa Chitseko.

"Tsono zako zolirazi uzivule nyali yofiira yosonyeza kuti tayamba kuulutsa ikayaka. AMdidi amamvera, ndipo phokoso losalembedwa m'sewero ankadana nalo koopsa."